A Tadeyu ndi Chibaba cha Achimwene Anga

Mundikhululukire, akuluakulu, kuti ine Marita, mwana wa dzana, ndayerekeza kulemba za munthu wamkulu ngati a Tadeyu. Sukulu yanga ndi ya pamudzi, ndipo sindinapite nayo patali chifukwa cha nkhondo. Alipo ambiri ku Chiwanga kuno amene anawadziwa ine ndisanabadwe, ndipo oyenera kulemba ndi iwowo. Koma chaka chakwana chimwalirireni a Tadeyu, ndipo achimwene anga a Bernado andiumiriza. Akuti iwo zala zawo zinazolowera chingwe cha ukonde, cholembera chimawaterera. Pamene ndalakwitsa mundikonze. Pamene ndaulula za pakhomo pathu, dziwani kuti amayi ndi achimwene andilola.

A Tadeyu anali fermero, ndiye kuti namwino monga timanenera kuno. Ntchitoyo anaiphunzira kwa amishoni akali mnyamata, ndipo anakalamba nayo. Anali aafupi, adazi, oyenda mofulumira ngati asiya kanthu pamoto. Moni wautali sankaudziwa. Ukawapatsa moni ankayamba akuyang'ana m'maso, mwina kukukoka chikope ndi chala, kenako n'kuyankha kuti ali bwino. Alendo ankakhumudwa nazo. Ife tinazolowera, moti ana tinkafika pakhonde pawo titatong'ola kale maso. Ankakonda kunena kuti pakamwa pa munthu pamayankha zaulemu, koma diso silinaphunzire ulemu. Kutchalitchi ankakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo, ndipo ulaliki ukatalika ankatuluka kukaona odwala awo osachita manyazi ndi aliyense.

Ndi akazi awo, mayi Agnesi, ankakangana za chinthu chimodzi chaka ndi chaka. Mayi Agnesi anali ndi kapoto ka chivindikiro chothina kamene anagula ku Likoma, ndipo a Tadeyu anaona kuti n'koyenera kuwiritsiramo sirinji yawo yagalasi ndi masingano. Mayi Agnesi ankakabisa, a Tadeyu ankakapeza. Anakabisapo m'nkhokwe, m'khola la nkhuku, kamodzi ngakhale kunyumba kwathu. Padooko ankauza anzawo kuti iwo ndi mkazi wachiwiri, wamkulu ndi sirinji, ndiye amene amasamba madzi otentha m'mawa uliwonse. A Tadeyu zikawafika ankangoti mkazi wamkuluyo sayankha, n'chifukwa chake amakondedwa.

Ndi mudzi wonse ankakangana za jakisoni. Kuno munthu akadwala amafuna kubayidwa, mapiritsi timawaona ngati mankhwala a ana. A Tadeyu sankabaya munthu chifukwa choti wapempha. Asodzi ankabwera ndi chambo kudzawanyengerera, iwo n'kulandira chambocho, kuthokoza bwinobwino, n'kupereka mapiritsi omwe aja. Ena ankawatcha aumbombo. Iwo sankadandaula. Ankati singano si mphatso yopatsa mnzako chifukwa mumagwirizana.

Pa maliro awo chaka chatha panadzaza. Ena anapalasa kuchokera ku Cobue, ena anatsika wapansi kuchokera ku Maniamba, Akhristu ndi Asilamu omwe. Banja limodzi lokha la pafupi pompano silinabwere, ndipo palibe anafunsa chifukwa, poti aliyense ankachidziwa. Chifukwacho chinachokera pakhomo pathu, ndipo kuti chimveke ndiyenera kuyamba ndi bokosi.

Nkhondo itafika kunyanja kuno, anyamata a m'tchire anatentha postu yathu, kachipatala kamene a Tadeyu ankagwirako ntchito. Iwo anali atanunkhiza kale, ndipo dzulo lake anatulutsamo sirinji ndi bokosi limodzi lamalata, n'kulibisa m'dengu pansi pa usipa. M'bokosimo munali timabotolo tagalasi totchedwa ampola, ta mankhwala amphamvu oletsa ululu amene amati morofina. Kuyambira pamenepo khonde la nyumba yawo ndilo linasanduka chipatala. Bokosilo aliyense ankadziwa ntchito yake. Linali la munthu amene waponda mina, bomba lokwirira pansi lija, kapena amene wawomberedwa, kuti asokedwe popanda kufa ndi ululu. Mankhwala ena sankabwera. Msewu wa kumtunda unali woopsa, ndipo ampola iliyonse yothyoledwa inali yopita basi.

Achimwene a Bernado anali msodzi. Tsiku lina anasenza usipa kupita ku Maniamba kukasinthitsa ndi chimanga, ndipo panjira yokwera phiri anaponda mina. Asilikali a boma anawatola n'kuwatengera kuchipatala chakutali, kumene anawadula mwendo wamanzere pansi pa bondo. Bala linavuta, linabwerera kawiri, ndipo anakhala kumeneko miyezi yambiri akubayidwa morofina. A Tadeyu sanawadzudzulepo a kuchipatalako. Ankati popanda iwo tikanalira maliro. Achimwene anabwera mvula itangotha, ali ndi ndodo ziwiri, sirinji yakale ndi ma ampola ochepa amene mnzawo wina anawapatsa potsanzikana. Anali ataphunzira kudzibaya okha. Tinasangalala masiku ochepa, mpaka ma ampolawo atatha.

Anayamba ndi kuyasamula kosalekeza. Mamina ndi misozi zinkatuluka ngati chimfine, khungu likuchita tsemwe dzuwa lili pamutu. M'mimba munatsegula. Ankagubuduzika pamphasa akuti mafupa akuphwanyika, ndipo ankatukwana amayi, chinthu chimene sanachitepo chibadwire. Atsibweni anati ndi mizimu ya anthu ofera panjira ija. Ena anati ndi malungo aakulu. A Tadeyu anabwera, nawayang'ana m'maso, naona kuti bala lapola bwino, n'kufunsa funso limodzi lokha: akhala akubayidwa kwa nthawi yaitali bwanji. Atamva yankho anakhala pansi, chinthu chosowa kwa iwo, n'kutiuza kuti si mizimu ndipo si mwendo. Thupi linazolowera mankhwala, ndipo tsopano likuwafuna ngati chibaba cha fodya, koma chibaba chimene chimagwetsa munthu wamkulu pansi.

Tsiku limenelo ndi limene tinamva za anthu awiri amene anakumana nawo kale ndi vuto lomweli. Woyamba anali wa ku Cobue, nthawi imene a Tadeyu ankagwira ntchito kumeneko. Anamuletsa kamodzin'kamodzi, n'kuuza abale kuti amulondere mpaka zitadutsa. Munthuyo anapirira masiku angapo, kenako anazemba n'kutenga bwato kuti akafune jakisoni ku Likoma, mwera ukuwomba. Bwato linapezeka, mwini wake ayi. Wachiwiri a Tadeyu anamunyenga. Tsiku ndi tsiku ankachepetsa mankhwala n'kumawonjezera madzi owiritsa osamuuza. Zinkayenda, mpaka munthuyo anawaona akutunga madziwo. Kuyambira pamenepo sanakhulupirirenso chilichonse cha m'manja mwa a Tadeyu. Anapita kwa ogulitsa mankhwala mobisa, nagulitsa ukonde ndi bwato, ndipo anatha pang'onopang'ono anthu akuona. A Tadeyu anati pa woyamba anaphunzira kuti liwiro limapha, pa wachiwiri kuti bodza limawononga ngakhale njira yabwino. Njira yachitatu inali m'mutu mwawo, koma anali asanaiyese pa munthu.

Anatembenukira kwa achimwene, amene anali atadzipinda pamphasa.

"Bernado, undimve bwino. Sindikudziwa ngati zitheke. Ndikufuna kuyesa, ndipo ndiyesera pa iwe. Ndizikubaya, koma ndizichepetsa pang'onopang'ono, iwe ukuona ndi maso ako pa mizere ya sirinji. Sindikubisira kanthu, iwenso usandibisire. Ukakana sindikwiya."

"Bayani kaye, bambo, tikambe bwino," anatero achimwene.

"Lero ndikubaya ngakhale ukane. Koma yankho ndilifuna mawa, mutu uli m'malo."

M'mawa mwake achimwene anavomera.

Amene anakana anali mayi Agnesi, ndipo ulendo uno sankaseka. Anati bokosilo ndi la mudzi wonse, la anthu amene magazi akutuluka, pamene bala la Bernado lapola. Anafunsa amuna awo kuti adzamuuza chiyani mayi wobwera ndi mwana wong'ambika, bokosi lili pululu. A Tadeyu anayankha kuti zonse zikayenda monga akuganizira, theka la bokosi litsala. Anatinso munthu amene amalowa m'nyanja mwera ukuwomba nayenso ndi wovulala, kungoti magazi ake saoneka. Mayi Agnesi anati mawu amenewo ndi abwino, koma sasoka bala.

Choncho m'mawa uliwonse, ndiponso dzuwa likapendeka, achimwene ankadumphira pa ndodo zawo kupita kukhonde kuja. A Tadeyu anakana kubwera kwathu. Ankati ulendowo ndi mbali ya mankhwala. Mafunso anali omwewo tsiku lililonse ndipo sankasintha dongosolo lake: wagona bwanji, wadya, m'mimba muli bwanji, wayasamula. Kenako diso. Kenako ankakweza sirinji kuwala, achimwene n'kuloza ndi chikhadabo mzere umene anagwirizana. Otsala m'ampola ankasungidwa m'kabotolo kowiritsa, osataya ngakhale dontho. Mzere sunkatsika popanda awiriwo kugwirizana, ndipo achimwene akati sabata ino ayi, a Tadeyu ankadikira.

Mwezi woyamba unali wowawa, monga anatichenjezera. Wachiwiri zinasintha. Achimwene anayamba kugona tulo, kuseka, kusoka maukonde a anzawo pansi pa mango. Mzere unkatsika iwo osadandaula. Ife tinkathokoza Mulungu. A Tadeyu okha ndiwo anayamba kukwinya nkhope. Anauza akazi awo kuti zikuyenda bwino mopitirira, kuti munthu amene akuchepetseredwa mankhwala chonchi ayenera kuyasamula ndithu, ndipo kamwana ka m'diso kayenera kukula, koma ka Bernado n'kakang'ono ngati nsonga ya singano. Mayi Agnesi anati amuna awo ndi fermero yekhayo amene amadwala wodwala wake akachira. Tsiku lina achimwene pokhala pabenchi anatsinzina ndi ululu. A Tadeyu anawauza kuti apinde kabudula, ndipo pantchafu ya mwendo wabwinowo panali chithupsa chachikulu, pamalo pamene singano ya a Tadeyu inali isanafikepo.

Achimwene anali akudzibaya okha mobisa. Sizinavute kudziwa amene ankawapezera mankhwalawo, chifukwa munthu wa mwendo umodzi sakanafika yekha ku Metangula, kumene msilikali wina ankagulitsa ma ampola mobisa. Anali amayi. Usipa umene tinkayanika ankati akukasinthitsa ndi mchere ndi sopo, ndipo ine ndinkangodabwa kuti sopo wasowa bwanji masiku ano.

Musawaweruze msanga amayi anga. Kuno wodwala sakanizidwa chimene wapempha. Akati akufuna nthochi, wina amayenda mpaka aipeze. Akati akufuna mpasa, bwato limalowa m'madzi. Timakhulupirira kuti wodwala akafa atakanizidwa, amene anamukanizayo amasenza imfayo moyo wake wonse, ndipo pamaliro anthu amamuloza ndi milomo. Achimwene anapempha, akulira, masiku oipa aja a mwezi woyamba. Amayi anachita zimene amayi awo anawaphunzitsa.

A Tadeyu anatumbula chithupsacho, nachimanga, kenako anatsikira kugombe kumene ine ndi amayi tinkatembenuza usipa pathandala. Ndinayembekezera mkuntho. Iwo anangoima n'kuyamba kutembenuza nawo, ndipo anamaliza thandala lonse asanalankhule.

"Mayi a Bernado, zonse zimene ndabaya miyezi iwiriyi ndathira m'nyanja."

Amayi sanakweze mutu. "Mwana wanga anandipempha, a Fermero. Inu simunamubale. Akanafa nditamukaniza, mukanasenza ndinu?"

"Sakanafa ndi kusowa. Akanafa ndi kuchuluka, anga pamwamba pa anu."

"Ndiye mukufuna ndizimuyang'ana akugubuduzika, ine manja lende?"

 Pambuyo pake a Tadeyu ananena okha kuti pamenepo ndi pamene anaona chimene anaphonya: anapempha chilolezo kwa Bernado n'kuiwala amene amagona naye nyumba imodzi. Sanawauze amayi kuti mwambowo ndi wachabe. Anangofunsa ngati alipo amene angamasule munthu ku mwambo umenewu. Amayi anati alipo mmodzi yekha, wodwala mwini wake, pamaso pa atsibweni ake, mutu uli bwino.

M'mawa mwake tinasonkhana pakhonde paja: atsibweni, amayi, mayi Agnesi ndi ine. Amayi anabwera ndi ma ampola awiri otsala atawakulunga pansonga ya chitenje, ndi sirinji yakale ija, n'kuziika pabenchi. A Tadeyu anabaya achimwene kaye, nadikira kuti thupi likhazikike, kenako anafotokoza zonse poyera. Anati ayenera kubwerera kumtunda kwa mizere n'kuyambiranso, poti thupi lakhala likulandira zambiri kuposa zimene iwo ankadziwa. Anati tsopano theka la bokosi silitsala, mwina sipatsala kanthu. Anafunsanso achimwene ngati akufunabe, ndipo anafunsa amayi funso lomwelo. Onse anavomera. Mayi Agnesi anayang'ana kumbali.

Achimwene anadzikoka n'kuima pa ndodo zawo, ngakhale palibe anawauza kuti aime.

"Atsibweni, mumve, mboni ndinu. Amayi, ndikadzakupemphaninso ampola, ngakhale ndilire, ngakhale ndikutukwaneni, mundikanize. Ndikafa mlandu si wanu. Ndanena ine Bernado, ndili bwinobwino."

Atsibweni anawomba m'manja pang'ono kusonyeza kuti amva. Amayi anapukuta m'maso ndi chitenje, n'kufunsa motsitsa mawu: "Nanga ine ndizikupatsa chiyani?"

A Tadeyu anati funso limenelo ndi limene iwo anayenera kufunsa kalekale. Analamula kuti tsiku lililonse Bernado azipempha chinthu chimodzi, chilichonse chosakhala m'galasi, ndipo amayi azikachifuna monga mwambo unenera.

Zinatero. Masiku oipa anabwereranso, kuyasamula ndi tsemwe zija, ndipo a Tadeyu poona zimenezo nkhope yawo inamasuka, moti mayi Agnesi anati aona, amuna awo achira. Achimwene ankapempha chinangwa chootcha, mutu wa kampango, nzimbe, uchi wa kumapiri. Amayi ankachoka m'mawa n'kubwera atatopa, ndipo kutopako n'kumene kunkawagoneka tulo. Ampola anaipempha kawiri. Kawiri konseko amayi anadzuka osayankha, n'kukakhala kugombe mpaka kutukwanako kutatha. Tsiku lina loipa kwambiri achimwene anati lero akufuna mwendo wawo. Amayi anatuluka, ndipo masana anabwera atasenza chipika cha mlombwa, n'kuchiponya pakhomo, akuti kotsalako akachite mmisiri. Achimwene anaseka mpaka misozi, ndipo sindikudziwa pamene kuseka kunathera ndi pamene kulira kunayambira.

Mwera usanathe, zimene mayi Agnesi ankaopa zinafika. A Lazaro, aneba athu a kuseri kwa tchalitchi, anaponda mina m'mphepete mwa munda wawo wa chinangwa, ndipo anawabweretsa pakhonde paja atawanyamula pachitseko. Mwendo unalipo, koma unali wong'ambika moipa. A Tadeyu anatsegula bokosi, nayang'anamo, nathyola ampola imodzi yokha, pa bala limene kale sakanaumira choncho. Anasoka amuna anayi atawapanikiza a Lazaro pansi. Kukuwa kwawo kunamveka mpaka kugombe. Akazi a Lazaro anali ataona m'bokosimo kuti mudakali ena, ndipo anagwada n'kupempha. Achimwene anali pomwepo, nanena kuti ma ampola awo aja apatsidwe a Lazaro. A Tadeyu sanatembenuke n'komwe. Anati Lazaro amva ululu lero koma akhala ndi moyo, pamene Bernado akasiyidwa pakati sakudziwa kumene adzamupeze. Anapitiriza kusoka, thukuta likugwera pa manja awo.

A Lazaro anachira, ndipo amayenda ndi miyendo yawo yonse iwiri. Koma banja lawo silinapatsenso moni a Tadeyu, ndipo ndilo silinabwere pamaliro. A Tadeyu sanadziikire kumbuyo pamaso pa aliyense. Mayi Agnesi, amene ndikanayembekezera kuti anene kuti ndinanena ine, anauza amayi padooko kuti amene ali ndi mawu pa amuna awo abwere nawo kwa iwo. Ine sindikudziwa ngati a Tadeyu anasankha bwino tsiku limenelo. Ndili ndi achimwene chifukwa cha kusankha kumeneko, choncho si ine woyenera kuweruza. A Lazaro ndikakumana nawo ndimawapatsa moni, ndipo amayankha.

Achimwene atachira anthu anayamba kuwatama a Tadeyu kuti apeza mankhwala a chibaba. Iwo ankakana mwaukali. Ankati munthu mmodzi wochira pa atatu si nzeru ayi. Mwina inathandiza ndi njira yochepetsa ija, mwina ndi amayi ndi maulendo awo a uchi, mwina ndi Bernado mwini wake, ndipo iwo alibe njira yosiyanitsira. Ankati zimenezi ziyenera kuyesedwa pa anthu ambiri, ndi madokotala okhala ndi mankhwala okwanira, kumene wina sangasokedwe akukuwa chifukwa cha mnzake. Ankadziwa kuti nkhondo yasiya anyamata ambiri otere m'midzi, ndipo ankafunitsitsa kukwera kumtunda kuti akafotokozere madokotala zimene anaona, zolephereka ziwiri zija pamodzi ndi chotheka chimodzicho. Ankadikira kuti msewu uchotsedwe mabomba. Chifuwa chinawagwira m'nyengo ya mvula, ndipo chinawatenga msewu usanatseguke bwino.

Mayi Agnesi anasamukira kwa mwana wawo ku Cobue. Nyumba ija ilibe munthu. Udzu wa denga la khonde wagwa mbali imodzi, benchi wina anatenga, ndipo masana mbuzi zimabisalapo dzuwa. Kanjira kochokera kwathu, kamene kanali ndi timaenje ta ndodo mbali zonse ziwiri, kamera udzu. Odwala tsopano amapita ku postu yatsopano kumsewu. Dzana ndinapita kunyumba ija ndi achimwene kuti ndione ndisanalembe, ndipo anandionetsa mzati umene anatsamira tsiku lomaliza.

Akuti m'mawa umenewo mafunso anali omwe aja. A Tadeyu anakweza sirinji, achimwene anatambasula chikhadabo kuti aloze, n'kupeza kuti pansi pa kadontho kamene kanalimo palibenso mzere wina. Anabayidwa. A Tadeyu anatembenuza bokosi chafufumimba pamaso pawo, naligogoda, ndipo simunagwe kanthu. Kenako anawauza kuti mawa abwerebe, jakisoni kulibe koma mafunso alipo. Achimwene anabwera mawa lakelo, ndi masiku ambiri otsatira, ndipo singano sinalowenso m'thupi mwawo kufikira lero. Dziko lonse limakumbukira tsiku limenelo chifukwa ndi limene akuluakulu anasainira mtendere kutali ku Ulaya, ndipo ife tinazimva pawailesi pambuyo pake. Pakhomo pathu timalikumbukira chifukwa cha kadontho kaja. Linali Lamulungu, pa 4 Okutobala, 1992.